Sikuluwu yachinayi

M'dirowa ya tebulo langa muli kachitsulo kamakona anayi, kobowoka pakati ngati felemu ya windo. Wosadziwa amayesa n'chinyalala, ndipo mayi amene amatikolopera mu ofesi anafunapo kukataya kawiri. M'ngodya zake muli timabowo tinayi ta mazinga. Titatu tili bwinobwino. Kachinayi mukakayang'ana padzuwa muona kuti mazinga ake anaphwanyika, anagona cham'mbali ngati chimanga chowombedwa ndi mphepo ya mu Febuluwale. Anawaphwanya ndine, Loweruka loyamba la Okutobala 2022, koma mlandu wake unagwera mwana wa eni ake.

Ndimagwira ntchito yosamalira makompyuta pa bungwe lina lobwereketsa ndalama kwa alimi ndi ageni mu mzinda wa Blantyre. Nthawi imeneyo zonse za bungwelo zinali mu seva imodzi: ngongole za anthu, zobweza zawo, malipiro a antchito, makalata. Sevayo inagulidwa yogwirapo kale ntchito ku Johannesburg, ya mapulosesa awiri a Intel Xeon E5-2620 v3, iliyonse ya makoo 6. Nthambi zitachuluka inayamba kulemedwa, moti kutulutsa lipoti la kutha kwa mwezi kunkatenga theka la tsiku. Kugula yatsopano kunali kulota masana, poti kwacha inali itagwetsedwa ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi chaka chomwecho. Ndiye ndinabwera ndi nzeru yanga. Ndinati tigule mapulosesa awiri akale a E5-2680 v4, amene anatuluka mu 2016, a makoo 14 iliyonse, chifukwa amalowa mu soketi yomweyo ya LGA 2011-3 bola BIOS ikhale yatsopano. Mtengo wake sunafike n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo khumi a seva yatsopano. Bwana wamkulu anandiyamikira pamaso pa anthu ku msonkhano wa Lolemba. Ndikukumbuka kuti tsiku limenelo ndinayenda ngati nthaka ndi ya bambo anga.

Zimene ndifotokoze apazi ndinkazidziwa kale, ndipo n'chimene chimandipweteka. Ndinkaziphunzitsa ngakhale kwa ana a sukulu obwera kudzaphunzira ntchito. Pulosesa yakale ija inkatulutsa kutentha kwa mawati 85. Yatsopanoyo ndi ya mawati 120. Kutentha konseko kumatulukira pa chivundikiro cha kopa chosaposa kwenikweni bokosi la machesi, ndipo kulibe njira ina koma kudutsa pamene chivundikirocho chakhudzana ndi thako la hitisinki, chitsulo cha mapeyala chija chimene mafani amachipemerera. Zitsulo ziwirizi zimaoneka zosalala ngati galasi, koma zili ndi timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo mukazigundanitsa zouma, m'timaenjemo mumatsala mpweya. Mpweya ndi bulangete: pa muyeso umene kopa imafika pafupi ndi 400 podutsitsa kutentha, mpweya uli pa 0.026. N'chifukwa chake timapaka pesiti, kaphala kotuwa kaja, kuti kathamangitse mpweya m'timaenjemo. Koma pesitiyo si kopa. Amaposa mpweya ka 100 ndi kupitirira, inde, koma kopa imamusiya kutali ka 50 kapena kuposa. Ntchito yake ndi kudzaza timaenje basi, ndipo akakhala wochindikala amasanduka iye mwini khoma. Chimene chimamupyapyalitsa ndi mphamvu ya masikuluwu anayi a hitisinki, iliyonse ndi sipuling'i yake, akakanikiza mofanana mbali zonse.

Loweruka limenelo ndinalowa m'chipinda cha seva cha m'ma 2 koloko masana. Magetsi kunalibe. Chinali chaka chija namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinkakhala maola ambiri tikudalira jenereta, pamene dizilo naye ankachita kum'gonera pamzere. Mlonda anandiuza kuti m'thanki mwatsala wa maola awiri. Komanso 5 koloko ndinkayenera kukhala ku Chilomoni ku msonkhano wa komiti ya chinkhoswe cha mlamu wanga, ine msungichuma, ndalama za anthu zili m'thumba mwanga.

Pulosesa yoyamba ndinaiika mwaulemu wake. Ndinatsegula timikono tiwiri ta soketi motsatana, ndinaiika kakona kake kagolide kakuyang'ana pa chizindikiro, ndinatseka, kadontho ka pesiti pakati, hitisinki pamwamba, kenako masikuluwu mopingasa: iyi pang'ono, ya kungodya yoyang'anana nayo pang'ono, ina, inzake, kubwereza mpaka zonse zitafika pansi. Mmene amamangira manati a tayala anyamata a pa Ginnery Corner, ndi mmenemo.

Ndili pa yachiwiri foni inayamba kulira. Mayi a kunyumba. Ndinaipana paphewa n'kumayankha kuti ndanyamuka kale, uku dzanja likupotokola. Sikuluwu yoyamba ndinaimanga mpaka pansi kamodzi n'kamodzi. Yachiwiri, ya mbali yomweyo, chimodzimodzi. Yachitatu inavutirapo koma inalowa. Pofika pa yachinayi, hitisinki inali itapendekera kale kumene ndinayambira, ngodya yotsalayo itadzuka. Ndinakanikiza ndi chikhatho, ndinazunguliza, inagwira. Nditazunguliza kawiri kapena katatu inalimba gwa. Masikuluwu amenewa anapangidwa kuti akafika pamalire ake aime okha, ndiye dzanja likamva kulimba limati ntchito yatha. Koma sikuluwu yolowa mokhota nayo imalimba, ikudya mazinga a chitsulo chimene yalowamo. Yanga inaima ili pakati pa ulendo, sipuling'i yake isanafinyike n'komwe. Ndinabwezera chivundikiro cha pulasitiki chotsogolera mphepo, ndinatseka seva, ndinayatsa. Makoo 28 anaoneka onse. Pulosesa yoyamba inali pa madigiri 40, yachiwiri pa 47. Kusiyanako ndinakuona ndithu, koma ndinati ndi za ziii. Seva yongokhala siiulula kanthu, ili ngati galimoto yoima pa sitesheni imene simungadziwe kuti rediyeta yake ikudontha. Sindinaipatse ntchito yolemera ngakhale ya mphindi khumi. Ku Chilomoni ndinafika nthawi yabwino.

Lolemba m'ma 9 koloko, nthambi zonse zitalowa, mafani anayamba kukuwa. Amene sanamvepo mafani a seva akuzungulira ndi mphamvu zawo zonse aganizire chigayo chaching'ono chili kuseri kwa khoma la ofesi yake. Ndinayang'ana pa kakompyuta koyang'anira seva kamene kamakhala pa bodi, kaja a Dell amati iDRAC, a HP n'kumati iLO. Pulosesa yoyamba 61. Yachiwiri 92.

Mapulosesa awiri ofanana, m'bokosi limodzi, opuma mpweya umodzi, osenza katundu wofanana, n'kusiyana ndi madigiri 30. Mwana wa chaka choyamba ku koleji akanakuuzani kuti vuto lili pa imodziyo, ndipo pa imodziyo panagwira dzanja la munthu masiku awiri apitawo. Ine ndinapita kwa bwana n'kunena kuti ndi Okutobala. Ndinafotokoza kuti mapulosesa atsopano ndi amphamvu, amatentha kwambiri, ndipo AC ya m'chipindamo yakalamba. Zinali zoona zokhazokha, ndipo bodza lophikidwa ndi zoona ndi limene limakhutitsa. Anaitana anthu a ma AC, anaitsuka, anawonjezera gasi, bungwe linalipira. Madigiri anatsika ndi awiri pa mapulosesa onse, kusiyana kuja kuli pomwepo.

Chakumapeto kwa sabata yomweyo ndinati ndi fumbi. Tinali ndi mnyamata wophunzira ntchito, wongomaliza kumene ku koleji ya zaluso, wofatsa, wa maso akuthwa, amene ankayenda wapansi kuchokera ku Ndirande kuti ndalama ya minibasi aisunge. Ndinamutuma kuti Lachisanu madzulo azimitse seva, aitsegule, aipemerere ndi bulowa, atsuke mafani. Anachita bwino lomwe. Lolemba lake anabwera pa tebulo langa ndi laputopu, ataima chapatali monga mwa khalidwe lake.

"Akulu, pepani, taonani apa. Ndinayendetsa sensors. Pa pulosesa yoyamba makoo onse akuyendera limodzi, akungosiyana ndi madigiri atatu kapena anayi. Koma pa yachiwiriyi ena ali pa 74, ena pa 95. Kapena hitisinki siinakhale bwino?"

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake za fumbi. Ndinamufunsa kuti waika mapulosesa angati chibadwire. Anati palibe. Ndinamuuza kuti ine ndinayamba ntchito imeneyi iye akadali ku pulayimale, ndipo masensa a mapulosesa akale amanama. Anati "Chabwino, akulu," n'kubwerera pampando wake. Mawu ake anali atandilasa, chifukwa makoo a pulosesa imodzi akasiyana choncho ndiye kuti mbali ina ya chivundikiro yakhudza chitsulo, mbali ina ikulendewera. Ndinkadziwa. Koma kuvomera pamaso pa kamnyamata kunali kowawa kuposa kulira kwa mafani.

Ndinadikira Loweruka la pa 15, Tsiku la Anakubala, anthu onse ali kwawo ndi zitenje za amayi awo. Ndinalowa ndekha ngati mbala. Ndinamasula hitisinki yachiwiri, ndinaipotokola uku ndi uku kuti imatuke, ndipo ndisanayang'ane n'komwe pansi pake ndinapukuta ndi kansalu. Mboni yokhayo imene ikanandiuza zoona ndinaifafaniza ndi dzanja langa. Ndinadziuza kuti pesiti anachepa. Ndinafinya chubu mosaumira, ndinamata ngati majarini pa buledi wa mlendo, ndinabwezera hitisinki. Ulendo uno ndinamanga mopingasa ndithu, koma sikuluwu yachinayi inatsata njira yokhota imene inadzitsegulira kale, n'kulimba pamalo pomwe paja. Sindinawerenge kuti zinzake zazungulira kangati, iyo kangati.

Choipa n'chakuti zinaoneka ngati zatheka. Pesiti wambiri uja anadzaza mpata umene munali mpweya, madigiri anatsika kufika m'ma 80. Mafani anafatsako. Ndinagona tulo. Koma chitsulo chikamatentha masana n'kuzizira usiku chimafutukuka ndi kubwerera, ndipo pamene palibe chokanikiza, pesiti amakankhidwira kunja pang'onopang'ono. Kuzima kwa magetsi kunkafulumizitsa zimenezi. Pomatha sabata ndi theka tinabwerera ku 90, kenako kupitirira.

Pulosesa ikayandikira malire ake, amene pa mtundu uwu ali pafupi ndi madigiri 100, imadziteteza pochepetsa liwiro. Yathu, imene imayenera kuyenda pa 2.4 GHz n'kumakwera kupitirira apo, inkagwa kufika pa 1.2. Anthu a m'nthambi ankaimba kuti sisitimu ikukwawa kuposa kale, kodi ndalama zija munagulira chiyani? Mu logi ya Linux munali mizere mazanamazana yonena kuti kutentha kwadutsa malire ndipo liwiro lachepetsedwa. Ndinkaiwerenga m'mawa uliwonse ngati munthu wowerenga makalata a ngongole, n'kutseka.

Tsiku linafika m'sabata yomaliza ya mwezi. Magetsi anazima m'mawa, jenereta inanyamula seva koma AC ayi, chifukwa siinkatha kusenza zonse. Mayi wa zachuma anali akuyendetsa malipiro, nthambi zikutumiza zobweza za alimi, m'chipinda muja mukutentha ngati mu uvuni wa njerwa. Cha m'ma 11 koloko chigayo chija chinangoti zii. Seva inadzizimitsa yokha kuti isapse. Inazima database ili pakati polemba, ndipo itayaka matebulo ena anakana kutseguka. Tinabwezeretsa za usiku wadzulo lake. Zonse zimene zinalowetsedwa m'mawa umenewo anazilembanso pamanja kuchokera m'malisiti, nthambi ndi nthambi. Malipiro anachedwa masiku atatu. Kwa ena masiku atatu si kanthu, koma mlonda wathu anapeza landilodi atakhoma loko wake pachitseko.

Bwana anafuna lipoti. Ndinalilemba usiku, ndipo ndikhoza kulinena pamtima mpaka lero. Ndinatchula kutentha kwa nyengo, kuzima kwa magetsi, jenereta yosakwanira. Kenako ndinawonjezera ndime imodzi: kuti vutoli linakula seva itatsegulidwa ndi wophunzira ntchito pochotsa fumbi, ndipo n'kutheka kuti hitisinki inagundidwa. Sindinanene kuti anaigunda. Ndinati n'kutheka. Za Loweruka la pa 15 sindinalembe. Za madigiri 92 a Lolemba loyamba, mnyamatayo asanakhudze n'komwe seva, sindinalembe. Kontirakiti yake inkatha kumapeto kwa Novembala, ndipo panali mawu akuti amulemba ntchito yokhazikika. Mawuwo anazilala.

Seva inkayendabe ndi mantha, nditaichepetsera katundu, fani ya panyumba itaima pakhomo la chipinda ikupemerera. Bwana, amene sanalinso kundikhulupirira kwenikweni, anaitana madala ena opuma pantchito a ku tchalitchi kwawo, amene anakhala zaka zambiri akukonza makina oulutsira mawu a wailesi. Ndinakwiya chamumtima. Munthu wa mavavu ndi matiranzisita adziwa chiyani za Xeon? Anabwera Loweruka ndi kachikwama kachikopa, atavala jekete ngakhale kunja kunali ng'anjo. Anapempha kuti mnyamata uja akhalepo, ati maso awo atha, afuna wowaonera.

Sanafunse za BIOS kapena za makoo. Anati tiyatse seva igwire ntchito mphindi zingapo kuti pesiti afewe, kenako tizimitse, tizule zingwe zonse. Atachotsa chivundikiro cha mphepo anawerama, diso lili pa mulingo wa bodi, n'kuyang'ana masikuluwu cham'mbali nthawi yaitali.

"Bambo, amene anamanga apa ndani?"

Ndinati ndine. Panalibe pothawira, funso linali la kumanga, osati la kupemerera fumbi.

"Masulani mopingasa, pang'onopang'ono. Ndipo muziwerenga."

Zitatu zinatenga mizungulo yofanana. Yachinayi inamasuka ndisanafike n'komwe pa theka. Ndinamva thukuta likutsika kumsana.

"Tsopano nyamulani molunjika kumwamba. Musapotokole, musakhulule, ndipo kansalu kanuko kaikeni m'thumba. Tikufuna tione chidindo."

Ndinatembenuza hitisinki. Kungodya imene ndinayambira kumanga, pesiti anali atapyapyala mpaka kopa ikuonekera, mmene ziyenera kukhalira paliponse. Kulowera kungodya ya sikuluwu yachinayi ankanka nachindikala, ndipo kumapeto kwenikweni kunali chigamba chouma, chong'ambikang'ambika ngati dambo la mu Okutobala, chosonyeza kuti zitsulo ziwirizi sizinakhudzaneko. M'mbali mwa chivundikiro munali mutatuluka phala lambiri, lina litatsikira pafupi ndi soketi. Mwayi wanga unali woti pesitiyo sanali wa mtundu wodutsitsa magetsi.

Madala aja anaseka pang'ono, osati monyoza. Anati pa makina awo akale, tiranzisita yamphamvu inkamangidwa pa chitsulo ndi kapepala ka mika pakati ndi pesiti woyera, ndipo ophunzira onse ankalakwa mofanana: akaona kuti ikutentha, ankawonjezera phala. "Mphika ukapendama pamafuwa, suwonjezera nkhuni, umakonza fuwa," anatero. Kenako anakanda pesiti wa pambali ndi chikhadabo n'kununkhiza. "Komatu uyu ngwatsopano. Sanathe mwezi. Seva imeneyi inatsegulidwa kangati?"

Mnyamata uja anali ataima pambali panga atagwira tochi. Kuwala kwake sikunagwedezeke. Ndinati kawiri chiikireni mapulosesa atsopanowa, ndipo kachiwiriko ndinali ndekha.

Sanawonjezerepo mawu. Anangoti tiyeni tikonze.

Pa soketi ya mtundu umenewu, masikuluwu a hitisinki salowa mu bodi, amalowa m'felemu yachitsulo yozungulira soketi, imene a Intel amaitcha ILM, yomwenso imanyamula timikono totsekera pulosesa. Mazinga ake ndi a M4. Ine ndinati tingodutsitsamo tapu kuti tiwongole mazinga. Madala anakana. Anati tizidutswa ta chitsulo tochokera mmenemo tikagwera mu soketi ya timapini 2011, tonse topyapyala ngati tsitsi, ndiye kuti taphera khoswe pa mkhate. Felemuyo imamasuka, imagwidwa ndi masikuluwu anayi a Torx amene amalowa m'chitsulo cha kuseri kwa bodi. Chofunika chinali kupeza ina. Apa panalinso msampha umene ndikanagweramo: mafelemu amenewa alipo a mitundu iwiri, ya sikweya imene mabowo ake atalikirana mamilimita 80 mbali zonse, ndi yopapatiza ya 56 kwa 94. Yathu inali yopapatiza. Mnyamata uja ndi amene anayeza ndi rula, ndipo ndi amene anakumbuka kuti kwa munthu wina wogulitsa zakale ku Limbe anaonako bodi yakufa ya mtundu womwewo. Anapita pa minibasi, anabwera nayo isanakwane 2 koloko.

Kusintha felemu kunatenga nthawi, chifukwa bodi inayenera kutuluka m'bokosi, ndipo soketi yopanda pulosesa ndi chilonda chosamanga. Tinaivundikira ndi kachivundikiro kake kapulasitiki kamene tinachotsa pa bodi yakufa ija. Madala anandiletsa sipiriti wofiirira wa ku golosale, ati amasiya utoto, n'kutulutsa m'chikwama kabotolo ka isopropyl. Tinapukuta chivundikiro cha pulosesa ndi thako la hitisinki mpaka kansalu kakutuluka koyera. Anatenga rula yachitsulo, anaiimika pa thakolo, mnyamata akuwalitsa tochi kuseri, kuona ngati kuwala kukudutsa pansi. Anatembenuza rula mbali zonse ndi mopingasa. Sikunadutse, hitisinki inali yosapindika. Anayang'ananso masipuling'i anayi ngati ali ofanana msinkhu, ndi mazinga a sikuluwu yachinayi ija, amene mwamwayi anapulumuka, poti chinadyeka ndi felemu.

Kenako anachita chinthu chimene ine m'zaka zanga zonse ndinali ndisanachitepo, chifukwa ndinkachiona ngati kutaya pesiti ndi nthawi. Anati timange koyesa. Kadontho pakati, kosaposa njere ya nandolo. Hitisinki itsike molunjika. Sikuluwu iliyonse iyambe yazungulizidwa chobwerera m'mbuyo mpaka imveke kuti "tiki", kusonyeza kuti yagwera pa chiyambi cha mazinga, kenako kutsogolo ndi zala ziwiri zokha. Zonse zinayi zigwire kaye isanamangidwe ngakhale imodzi. Ndiyeno mopingasa, mizungulo iwiri iwiri, mokweza mawu, mpaka zonse zitaima pa chiwerengero chimodzi. Titatha anati masulani. Ndinawayang'ana. Anati masulani, bambo, tione chidindo. Chinali chopyapyala, chofanana, chofika pafupi ndi m'mbali monse, kungodya kokha kutatsala timalo tating'ono. Anati tiwonjezere pang'ono pokha poti chivundikirochi n'chachikulu. Tinapukutanso, tinapakanso, tinamanganso, ulendo uno sikuludiraiva ili m'manja mwa mnyamata uja, chifukwa madala anaichotsa m'manja mwanga n'kumupatsa, osanena chifukwa.

Tinabwezera chivundikiro cha mphepo, tinatseka bokosi, pakuti seva yotsegula siizizira bwino, mphepo imangobalalika osadutsa m'mapeyala. Tinayendetsa pulogalamu yolemetsa pulosesa ya stress-ng pa makoo onse kwa ola lathunthu. Yoyamba inakhazikika pa 66. Yachiwiri pa 68. Makoo ake onse anali m'kati mwa madigiri anayi. Mafani ankangong'ung'udza chapansipansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'milungu isanu ndinamva mawu a anthu odutsa mumsewu. Madala anakana ndalama, anangolandira ya minibasi ndi botolo la Sobo.

Lolemba ndinalemba lipoti lachiwiri. Linali lalifupi kuposa loyamba ndipo munalibe mawu akuti n'kutheka. Ndinaikamo chithunzi cha chidindo chija, madigiri a Lolemba loyamba ndi tsiku lake, ndi za pa 15. Bwana analiwerenga ine nditaima. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Ndiye mwanayu munamulembera zimene zija mukudziwa?" Ndinati eya. Anandipatsa kalata ya chenjezo, ndipo ndalama za anthu a ma AC anazidula ku malipiro anga miyezi itatu. Zimenezo sizinandiwawe. Chimene chinandiwawa ndi yankho la pempho langa loti mnyamatayo alembedwe ntchito. Komiti inali itakumana kale lipoti langa loyamba lili patebulo, ndipo ndalama ya malo akewo anali ataipititsa kwina. Bwana anati ayesa chaka chamawa. Chaka chamawa bajeti inafupikanso. Chimene anapeza kwa ife ndi kalata yomuchitira umboni, imene ndinailemba ine, bwana n'kusayina.

Tsiku lake lomaliza ndinamuperekeza mpaka pa siteji. Mvula yoyamba inali itagwa usiku, msewu ukununkha dothi. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma amene anatuluka ndi ochepa. Ndinati, "Mphwanga, ndinakulakwira. Unandiuza zoona, ine ndinakunyoza, kenako ndinakunamizira." Anayang'ana pansi, akukankha kamwala ndi nsapato.

"Ndinkadziwa, akulu. Tsiku lija ndinkapemerera fumbi ndinaona kuti sikuluwu imodzi yaima pamwamba kuposa zinzake, sipuling'i yake ili yomasuka. Ndinafuna kuimanga, koma inali yolimba, ndiye ndinaopa kuthyola."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire mwachindunji.

"Munamanga ndinu. Ndikanayamba bwanji? N'chifukwa chake ndinabwera ndi za makoo zija, kuti mwina mukaone nokha."

Minibasi ya ku Ndirande inaima, kondakitala akuitanira. Ndinatulutsa ndalama kuti ndimulipirire. Anati zikomo, akulu, ayenda wapansi, kunja kwazizira bwino lero.